SITIMA ZA MALASHA ZINATHA KU CHINA KOMA ZADZUKIRA PATHEBULO

MUNTHU wamkulu ndi ndevu zake, wa ana ndi zidzukulu, kufika pakati pa usiku ali chiweramire pathebulo, magalasi ali pamphuno, akupenta kamunthu kochepa ngati njere ya nyemba. Chakudya chinazizira kalekale koma iye alibe nacho ntchito, mtima wonse uli pa kanjanji komwe akumata timiyala m'mbali mwake. Kuno kwathu munthu wotere tikhoza kuyamba kunong'onezana kuti mkuluyu zayamba kumusokonekera.

Koma musafulumire kuseka abale. Ku Ulaya, ku Amereka, ku Japan ngakhalenso ku China, awa ndi masewero a akuluakulu ndipo amadya ndalama ndi nthawi osati pang'ono ayi. Anthuwa amamanga kadziko kathunthu pathebulo, mapiri, milatho, midzi, masiteshoni ndi njanji, kenaka n'kumayendetsapo tisitima ta magetsi tofanana ndendende ndi sitima zenizeni. Pakati pa iwowa pali kagulu kena komwe kanasankha njanji za ku China, makamaka za nthawi ya sitima za malasha. Kwa iwo nkhaniyi si yachibwana, chifukwa zomwe akumangazo kunja kuno kulibenso.

BWANJI CHINA?

Maiko ambiri anataya sitima za malasha kalekale. Njanji za boma ku Britain zinasiya kuziyendetsa mu 1968. Koma China, pokhala ndi malasha ankhaninkhani, inapitiriza kupanga mitu yatsopano ya malasha anzawo atasiya. Fakitale ya mumzinda wa Datong inapanga mitu ya mtundu wa QJ mpaka m'chaka cha 1988, ndipo yonse pamodzi inaposa 4,700. Fakitale ina ya ku Tangshan inapanga mitu yocheperako ya mtundu wa SY mpaka 1999, chaka chomwe ife kuno tinali pamzere kuvota kachiwiri m'ulamuliro wa zipani zambiri.

QJ ndi chidule cha mawu a Chitchaina akuti Qianjin, kutanthauza kupita patsogolo. Ndi chimutu chakuda bii, mateyala ake achitsulo ofiira psuu. Chili ndi mateyala 2 ang'onoang'ono kutsogolo, 10 akuluakulu okoka pakati, ndi 2 ena kumbuyo. Lililonse mwa akuluakuluwo ndi lotalika mita imodzi ndi theka, ndiye kuti munthu wamfupi akaima pambali pake amangolekana nalo pang'ono.

Mbiri yeniyeni inabwera mu Disembala 1995 pomwe anatsegula njanji ya Jitong m'chigawo cha Inner Mongolia, yotalika makilomita 945 kuchokera ku Jining kukafika ku Tongliao. Njanji inali yatsopano koma eni ake, pofuna kupulumutsa ndalama, anagula mitu ya QJ yomwe njanji za boma zinkaitaya. Pakati pa tawuni ya Jingpeng ndi ya Reshui njanjiyi imakwera phiri mokhotakhota ngati njoka, kulowa m'mphanga zoboola phiri, kudutsa pa mlatho wokhota wa zipilala zitalizitali wa Simingyi, mpaka pamwamba penipeni pa siteshoni ya Shangdian. Katundu akalemera ankamangirira mitu iwiri kutsogolo. M'nyengo yozizira, kuzizira kwake kopitirira madigiri 20 pansi pa ziro, nthunzi inkakwera m'mwamba yoyera mbee ngati thonje, ndipo ojambula zithunzi ankachoka maiko akutali kudzaima pachisanupo tsiku lonse.

Zonsezi zinatha. Mu Disembala 2005 sitima za malasha zinasiya kuyenda pa njanji ya Jitong, madizilo n'kulowa m'malo. Zina zinatsalira m'migodi ndi m'mafakitale, ndipo za ku mgodi wa malasha wa Sandaoling m'chigawo cha Xinjiang, zomwe zinatchuka ngati zotsiriza, zinaima mu Januwale 2024. Tsono lero, mungakhale ndi ndalama zodzadza thumba la feteleza, simungakaonenso mitu iwiri ya QJ ikulimbana ndi phiri la Jingpeng tsiku ndi tsiku ngati kale. Potsala pokha ndi pazithunzi, m'makanema ndi pathebulo.

MASAMU KAYE

Womanga asanagwire hamala amayamba wasankha muyeso. Wotchuka kwambiri ndi womwe amautcha HO, pomwe chilichonse chimachepetsedwa ka 87. Njanji zikuluzikulu za ku China ndi zotambalala mamilimita 1,435. Mukagawa ndi 87 mupeza mamilimita 16.5, ndipo kumeneko ndiye kutambalala kwa kanjanji ka HO. Munthu wamtali bwino amasanduka kamunthu ka masentimita 2. Mutu wa QJ pamodzi ndi ngolo yake yonyamula malasha ndi madzi, womwe ndi wotalika pafupifupi mamita 29, umasanduka wa masentimita 33, kuposa rula ya mwana wasukulu pang'ono chabe.

Apa ndi pomwe mutu umayamba kuwawa. Kilomita imodzi pa muyeso wa HO ndi mamita 11 ndi theka. Wofuna kumanga njanji yonse ya Jitong angafune malo otalika pafupifupi makilomita 11, ndiye nyumba yake ndi iti? Choncho womanga wanzeru amasankha kachigawo kamodzi, mwina mlatho wa Simingyi ndi mphanga yake, kapena siteshoni imodzi yaing'ono pamene sitima zimapatukirana, n'kufinya zina zonse. Bogi imodzi ya malasha ya mtundu wa C62 imatenga masentimita pafupifupi 15. Mitu iwiri ndi mabogi 12 basi, mwatha kale mamita awiri ndi theka. Sitima yeniyeni inkakoka mabogi makumi angapo, koma pathebulo 12 amakwanira kunamiza diso.

Amene malo awachepera amathawira ku muyeso wa N, wochepetsa zinthu ka 160, kanjanji kake mamilimita 9. Phiri limalowa bwino m'chipinda, koma maso ndi zala ziyenera kukhala zakuthwa.

Tisitimato sapanga okha ayi, amagula. Kampani ya Bachmann, yomwe mwini wake ndi kampani ya Kader ya ku Hong Kong, inatulutsa timitu ta QJ, JS, SY ndi madizilo a DF4B pa muyeso wa HO. Chodabwitsa n'chakuti tisitima tambiri togulitsidwa ndi makampani a ku Ulaya ndi ku Amereka timapangidwa m'mafakitale a ku China konko. Koma kugula kamutu ndi chiyambi chabe, ntchito yeniyeni ili pa kadziko koti kamutuko kayendemo.

THEBULO, MAKONA NDI CHITUNDA

Maziko ake ndi felemu ya matabwa ouma bwino, pamwamba n'kukhomapo pulayiwudi. Thabwa laliwisi ndi mdani, likamauma limapindika ndipo kanjanji kamapindika nalo. Pansi pa kanjanji ambiri amayala kachikhatho kofewa kuti phokoso lichepe komanso kuti njanji ioneke yokwera pang'ono monga zimakhalira kunjaku.

Cholakwa chomwe oyamba kumene amagwa nacho ndi makona. Mateyala 10 okoka a QJ ali pamzere umodzi wosapindika, ndiye pakona yothina kamutuko kamachoka panjanji. Odziwa amakhoma msomali, kumangirira chingwe cha masentimita 60 kapena kuposa, n'kujambula kona ndi pensulo kunsonga kwake. Tsono taonani, bwalo lotere limafuna thebulo lotambalala kuposa masentimita 120, pamene pulayiwudi wa m'sitolo amalekera pa 122. Njanji ikhala m'mphepete penipeni, ndipo tsiku lina kamutu kodula kadzagwera pasimenti. N'chifukwa chake ambiri amazunguliza njanji m'mbali mwa zipupa za chipinda ngati mashelefu, iwo n'kuima pakati.

Chitunda nachonso chili ndi lamulo lake. Njanji isakwere kuposa masentimita 2 pa mita iliyonse, apo ayi mateyala amangoterera. Kuti njanji idutse pamwamba pa inzake pamafunika mpata wa masentimita 8 kapena kuposerapo, ndiye kuti mamita 4 a njanji yongokwera. Wofuna phiri la Jingpeng m'kachipinda kakang'ono ayenera kuwerengera zimenezi asanadule thabwa, paja safunsa anadya phula.

Kuseri kwa phiri amasiya malo obisika okhala ndi njanji zingapo pamene sitima zimadikirira. Ina ikalowa m'mphanga imakaima kumeneko, n'kutuluka ina yosiyana nayo. Woonera amangoti sitima ija yapita ku Tongliao, chonsecho ili kuseri kwa katoni.

Magetsi amayenda m'kanjanji momwemo. Njira yakale ndi ya mavoti 12, mukawonjezera moto sitima imathamanga. Njira yatsopano yotchedwa DCC imapatsa kamutu kalikonse nambala yake, motero munthu akhoza kulamula timitu tiwiri kuti tikoke limodzi, tina mpaka timalira ndi kupuma ngati sitima yeniyeni. Koma njira zonse ziwiri zimadana ndi fumbi. Kanjanji kakada, sitima imangoima yokha ngati minibasi yothera mafuta panjira.

MAPIRI A NYUZIPEPALA

Apa tsopano ndalama zimachepa mphamvu, diso ndi lomwe limalamula. Mapiri amawaumba ndi zoyera zopepuka zija zimabwera m'makatoni a wailesi ndi mafiriji, kuzisanja n'kuzisema ndi mpeni. Ena amapinda waya wa khola la nkhuku, n'kuyalapo nyuzipepala kapena nsalu zoviika mu pulasitala. Zikauma amapenta.

Koma kupenta mtundu wanji? Mapiri a ku Jingpeng m'nyengo yozizira si obiriwira ngati a ku Thyolo. Ndi ouma, otuwa mofiirira, udzu wake wofota, mitengo yake yapatalipatali ndi yopanda masamba. Munthu akathira zobiriwira paliponse wamanga Switzerland osati Inner Mongolia. Udzu wouma amaupanga ndi chingwe cha khonje chodulidwa tizidutswa. Mitengo amapota mawaya ang'onoang'ono a kopa, kunsonga n'kuwatambasula ngati nthambi. Dothi ena amagwiritsa lenileni, kuliumitsa n'kulisefa, koma asanalimate amadutsitsamo maginito kuti achotse tizitsulo, chifukwa injini ya kamutu ili ndi maginito ake omwe amakoka tizitsuloto n'kuononga zonse.

Miyala ya kwale ya m'mbali mwa njanji amaithira youma, kuisalaza ndi kabulashi, kenaka n'kudonthezera guluu woyera wa akalipentala wosakaniza ndi madzi theka kwa theka, ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale kuti guluuyo alowerere. Posamala ndi pamphambano pomwe njanji imagawikana. Guluu akalowa pamenepo, mphambanoyo yauma mpaka kalekale.

Nanga chipale chofewa chija chimagwa kumaiko ozizira? Ena amathamangira ufa, koma ufa umaitana anankafumbwe ndi mbewa. Odziwa amagula ufa wake wopangira zimenezi kapena amagwiritsa penti yoyera, ndipo sathira paliponse. Amaika m'makwawa ndi m'mbali mwa phiri mosafika dzuwa, kwina n'kusiya dothi likuonekera.

MUDZI UZINUNKHA CHINA

Chomwe chimasiyanitsa katswiri ndi wongoyerekeza ndi tinthu ting'onoting'ono. Munthu akagula tinyumba ta ku Germany n'kutiika pambali pa QJ, odziwa amangopukusa mutu. Midzi ya kumpoto kwa China ili ndi nyumba zazifupi za njerwa kapena zadothi, zoyang'ana kumwera kuti zilandire dzuwa, iliyonse ndi mpanda wake. Pabwalo pamakhala chimanga chachikasu choyanikidwa, mapesi ataunjikidwa pambali podikira kusonkhera moto. Pazitseko amamata mapepala ofiira a mafuno abwino a chaka chatsopano. Pamsewu pamayenda ngolo za abulu, njinga zakapalasa ndi timathirakitala ta mateyala atatu.

Pasiteshoni napo pali zake. Njanji ya Jitong m'masiku amenewo inali ndi zizindikiro zachikale za mkono wachitsulo womwe umatukuka ndi kutsika pouza dalaivala kuti aime kapena adutse. Sitima ikamadutsa, wogwira ntchito pasiteshoni amaima njo ngati msilikali, mbendera ili m'manja. Kumapeto kwa sitima ya katundu kunkakhala kabogi ka gadi. Womanga akaika kamunthu ka mbendera kaja pamalo pake, aliyense yemwe anafikako amadziwa nthawi yomweyo kuti apa ndi pati.

Zilembo za Chitchaina ndiye msampha wina. Pa mitu ndi pa mabogi pamalembedwa nambala, mtundu wake, komanso pa mitu amalemba dera ndi depoti yomwe mutuwo umagonera. Munthu wosadziwa kuwerenga Chitchaina akhoza kumata chilembo chozondoka osadziwa, kapena kuika mutu wa depoti ya kumwera kwenikweni pa phiri la kumpoto. Ngakhale chizindikiro cha njanji za boma la China chili ndi tanthauzo: anaphatikiza chilembo choimira munthu ndi choimira ntchito, zonse pamodzi n'kuoneka ngati nkhope ya mutu wa sitima ndi njanji yodulidwa. Mankhwala ake ndi amodzi, kuyang'anitsitsa zithunzi zenizeni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

KUDETSA CHINTHU CHODULA

Ichi ndiye chimapweteka mtima oyamba kumene. Kamutu kamachoka m'bokosi kali phuliphuli, ndiye katswiri amatenga bulashi n'kuyamba kukadetsa dala. Chifukwa chake n'chakuti sitima yogwira ntchito siwala ngati galimoto ya ukwati. Pamwamba pa QJ pamakhala mwaye, m'munsi fumbi lofiirira, pomwe madzi amadontha pamatsala mizere yoyera, ndipo pa zitsulo zoyendetsa mateyala pamanyezimira mafuta. Amapala choko cha mitundu kukhala ufa n'kupaka pang'onopang'ono, kapena penti yosungunula kwambiri kuti ilowe m'timing'alu. Lamulo lake ndi kuyambira pa bogi yotchipa, ndipo kudetsako kutsate momwe mvula ndi utsi zimayendera, kuchokera pamwamba kutsika pansi.

M'mabogi a malasha amathiramo malasha enieni osinja bwino. Palibe pulasitiki yomwe inafanapo ndi malasha kuposa malasha eni ake.

Komabe si mitu yonse inali yakuda ndi litsiro. Ina oyendetsa ake ankainyadira, kuipukuta ndi kuikongoletsa kutsogolo ndi zikwangwani zofiira za mawu olimbikitsa ntchito. Womanga wabwino amasakaniza, umodzi wosamalidwa, inayo yotopa.

OSASAKANIZA NYENGO

China yasintha mofulumira koopsa, choncho womanga amayenera kusankha chaka. Sitima za liwiro zotchedwa CRH zinayamba mu 2007, njanji ya liwiro ya Beijing kupita ku Tianjin inatsegulidwa mu 2008, ndipo za Fuxing zothamanga makilomita 350 pa ola zinabwera mu 2017. Pofika kumapeto kwa 2023 njanji za liwiro m'dzikomo zinali zitafika makilomita 45,000. Tsono kuika Fuxing pambali pa QJ yokoka malasha pa Jingpeng kuli ngati kujambula Ngwazi ikulankhula pa foni ya m'manja ya masiku ano.

Zoyenera nthawi ya malasha ndi mabogi a anthu obiriwira a mizere yachikasu, omwe eni ake amangowatcha sitima za khungu lobiriwira, komanso madizilo obiriwira a DF4B omwe anawapatsa dzina loti chivwende kamba ka mtundu wake. Womanga njanji ziwiri zoyandikana akumbukirenso kuti sitima za ku China zimayenda kumanzere, ngakhale magalimoto awo amayenda kumanja.

KODI IFE ZIKUTIKHUDZA?

Zikutikhudza ndithu, ndipo kawiri. Choyamba, njanji ya TAZARA yochokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi m'dziko la Zambia, makilomita 1,860, anamanga ndi Matchaina kuyambira 1970 mpaka 1975, ndipo mitu yake yoyamba ya dizilo ya mtundu wa DFH2 inachokera ku fakitale ya Sifang ku Qingdao. Wofuna kumanga njanji ya Chitchaina yokhala ndi milambe ndi nyumba zaudzu, nayo nkhani. Angosamala kuti TAZARA, monganso njanji yathu, ndi yotambalala mamilimita 1,067, ndiye pa muyeso wa HO imafuna kanjanji ka mamilimita 12 osati 16.5.

Chachiwiri, kampani ya Railroad Development Corporation ya ku Pittsburgh, yomwe inali m'gulu lomwe linatenga njanji za Malawi mu 1999 pa dzina la Central East African Railways, ndi yomweyo inagula mitu ya QJ nambala 6988 ndi 7081 mu 2006 n'kupita nayo ku Iowa m'dziko la Amereka. Mitu imeneyi inapulumuka, pamene inzake yambiri inadulidwa n'kusanduka zitsulo zosungunula.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mitu yochepa yopulumuka ikhoza kuimikidwa ku malo osungirako zakale, monga momwe yathu yakale yaimira panja pa Museum ku Chichiri. Koma mutu woima pawokha suuza munthu za mudzi womwe unkadutsamo, za wa mbendera uja, kapena za munthu wa fosholo yemwe ankaponya malasha pamoto usiku wonse kunja kukuzizira koopsa. Kwa mlendo wa kamera kunali kukongola, kwa wa fosholoyo inali ntchito ya thukuta ndi mwaye. Kadziko ka pathebulo kakamangidwa moona kamasunga zonsezi pamodzi, ndipo kakamangidwa mwachinyengo kamaphunzitsa ana zabodza. N'chifukwa chake anthuwa amakangana mpaka kutsala pang'ono kumenyana pa nkhani ya mtundu wa dothi.

Luso la manja kuno si lachilendo. Mwana yemwe amapinda waya n'kutulutsa lole yokhala ndi chiwongolero ndi masipuling'i ali nalo kale diso lomwe ntchitoyi imafuna. Khonje, waya wa nkhuku, makatoni, choko ndi dothi zili ponseponse. Chodula ndi kamutu ndi kanjanji basi. Akuluakulu omwe anaona sitima za malasha zikufuka pa Limbe ndi pa Luchenza akucheperachepera chaka ndi chaka. Amene akufuna kudzamanga zimenezo pathebulo ayambe lero kuwafunsa ndi kusonkhanitsa zithunzi, ndalama za kamutu zidzapezeka pambuyo.